Mpeni Umene Mphwanga Anandibisira

Aulutsi, ndili ndi mlandu umene sindinauzepo munthu. Lero muuwerenge onse amve.

Nthawi ya Apwitikizi, mwana wa mlongo wanga anakhoza bwino pa sikola ya mishoni ku Fonte Boa. Iye ankafuna kurso ya zaulimi, chifukwa manja ake ankadziwa kumezanitsa mapichesi. Ine monga malume wake ndinakana. Ndinati, "Khasu ndi la ife osaphunzira. Iwe ukaphunzire makina olembera ku Tete, udzamange gravata, tayi ya mabwana, pakhosi."

Anangoti, "Ndamva, amalume."

Atamaliza anazungulira masekretariya onse, maofesi a boma ku Vila Coutinho, kufuna ntchito, koma mipando inali ya ana a azungu ndi abale awo. Anabwerera kumudzi n'kumangokhala pakhonde atavala nsapato, poti ine ndinali nditauza mudzi wonse kuti mwanayu sadzagwiranso dothi.

Tsiku lina m'mawa ndinamupeza kuseri kwa khola akumezanitsa kamtengo ka pichesi, uku akuimba. Atandiona anabisa mpeni kumbuyo ngati wakuba. Munthu wamkulu, wandevu zake! Ndikanangonena kuti, "Pitiriza, mphwanga." Koma ndinayang'ana kumbali n'kudutsa.

Mvula isanagwe anapita kumigodi ku Joni. Sanabwerenso, ngakhale kalata yake sitinaione.

Makolo anzanga, mwana akamasankha maphunziro muziyang'ana manja ake, osati matama anu. Mtengo uja ukuberekabe chaka ndi chaka. Adzukulu amadya n'kukhuta, koma ine ndikaluma pichesi limodzi lokha, ndimalisiya pansi osalimaliza.