Nsanje Yanga Inatseka Pakamwa pa Mwana Wanga

Ndikupatsani moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amayi anzanga amene muli ndi ana ku shikola. Ine ndine amake Rozita, ndimakhala mudzi wina kufupi ndi Mualadzi, ndipo ndine mlimi chabe. Shikola ndinalekezera kalasi yachisanu, ndiye mundipirire ngati mawu anga sakuyenda bwino papepala. Anzathu akamachita umboni amanena za malungo, za njala kapena za ntchito imene inatha. Matenda anga ine anali nsanje, ndipo amene anavulala nawo kwambiri sindine ayi, koma mwana wanga.

Ndinatengedwa chitengwa, choncho ndimakhala pamudzi pa amuna anga. Khomo lathu lapenyana ndi la alamu anga, alongo awo aakulu a amuna anga, amene timawaitana kuti amake Adelino. Iwo pamudzipo ndi eni ake. Anabadwira ku Zambia nthawi ya nkhondo, saopa munthu, ndipo akaimirira pamsonkhano ngakhale amuna amakhala chete. Amuna awo amapakira katundu m'magalimoto kumalire ku Cassacatiza, ndipo amabwera kamodzikamodzi atanyamula sopo ndi nsalu ya kapulana yatsopano. Ine ndine munthu wa phee. Anthu amanditama kuti ndine woleza mtima, ndipo n'zoona kuti ndikhoza kupalira tsiku lonse osadandaula. Koma munthu wa phee amasunga zinthu m'kati, ndipo zina zimaola ali chisungire.

Rozita wanga ndi Adelino wa alamu anabadwa dzinja limodzi, ndipo shikola anayamba tsiku limodzi. Pa shikola yathu pali makomo awiri oyambira. Khomo lina zonse zimakhala m'Chipwitikizi kuyambira tsiku loyamba. Khomo lina ana amayamba kuwerenga ndi kulemba m'Chinyanja, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Tsiku lolembetsa ine ndinali kuchipatala ndi khanda, ndiye amuna anga anamulembetsa Rozita khomo la Chinyanja, kwa aphunzitsi ake, apulofesola a Marta. Adelino analowa la Chipwitikizi.

Chaka choyamba chisanathe, Rozita anali atayamba kuwerenga. Ankatenga buku langa la nyimbo za kutchalitchi n'kumatsata mawu ndi chala, mokweza, mpaka nkhuku zinkathawa pakhonde. Ndinayenera kugwada n'kuthokoza. Koma masana aliwonse Adelino ankabwera n'kuima nji pabwalo, manja kumbuyo, n'kupereka moni kwa agogo ake m'Chipwitikizi. Ankaimba nyimbo zakezo, n'kuwerenga manambala mpaka mpweya kumuthera. Apongozi anga ankaomba m'manja n'kunena kuti, "Uyu yekha ndiye adzatikweze galimoto ku Tete!" Tsiku lina Rozita anawawerengera ndime yonse ya nyimbo osaphonya. Iwo anaseka mwachikondi ndithu, n'kuti, "Iwe, Chinyanja n'chopitira ku shikola? Si chomwechi tikuyankhulachi?"

Mawu amenewo anandikhala pamtima ngati munga wothyokera m'phazi.

Kenako kunabwera chisankho cha konselyu ya shikola. Limeneli ndi gulu la makolo, aphunzitsi ndi akuluakulu a m'mudzi loyang'anira mmene shikola ikuyendera, ngati aphunzitsi akubwera ndiponso ngati ana akukhoza. Ine ndinali nditasenza madzi ndi njerwa chilimwe chonse pomanga chipinda chatsopano, ndipo mumtima ndinkati mwina wina atchula dzina langa. Palibe analitchula. Anasankha alamu anga, amene njerwa ankazionera patali. Kuyambira pamenepo chilichonse chawo chinkandiwawa, kaya ndi kuseka kwawo, kaya ndi kafoni kawo ka mabatani kamene ankamangirira pa kapulana. Ndinadzinamiza kuti iwo ankadziwa khomo labwino n'kulowetsako mwana wawo, wanga n'kumusiya khomo la anthu a kumunda.

Ndinayamba kuyankhula pabomba, potunga madzi. Munthu wa phee akayankhula, anthu amati ndiye kuti waganiza bwino. Ndinkauza amayi anzanga kuti kalasi ya Chinyanja anaipangira ana a amphawi, kuti akamaliza adzabwerere ku khasu. Kenako ndinapita kwa adiretori, mkulu wa shikola, kukapempha kuti asamutse Rozita. Anakana, ati chaka chafika pakati. Ndinabwererako mawa lake, ndi mkuja wake, n'kumakhala pakhonde pawo ndi khanda kumsana, osakweza mawu, mpaka anatopa nane n'kuvomera. Kuleza mtima kumene Mulungu anandipatsa ndinakugwiritsa ntchito yolakwika. Apulofesola a Marta ananditsatira mpaka panjira n'kundiuza kuti, "Mayi, mwanayu wagwira kale njira. Chipwitikizi chikubwera, musamudule pakati." Ndinawayankha mwaulemu kuti mwana ndi wanga. Nditafika kunyumba ndinatenga buku la nyimbo lija n'kulisomeka patsindwi, kuti Rozita asasokonezeke nalo.

Amayi ena ataona kuti ine ndasamutsa wanga, nawonso anayamba kusamutsa awo.

Rozita analowa khomo la Chipwitikizi ali pakati pa kalasi yachiwiri. Kaderuno yake, buku lolembamo lija, inkadzaza ndi zolemba zokongola zokopera pabolodi, koma ndikamufunsa kuti zikutanthauza chiyani ankangoyang'ana pansi. Mwana amene ankalongolola ngati mpheta anasanduka bubu. Tsiku lina anabwera siketi itanyowa. Sankadziwa kupempha m'Chipwitikizi kuti atuluke, ndipo ankaopa kuti akapempha m'Chinyanja anzake amuseka. Atatero anayamba kudwala m'mimba m'mawa uliwonse, matenda ochira dzuwa likakwera. Kenako mnansi wathu anamupeza atabisala m'chimanga, kaderuno ili pamiyendo, akudikira kuti anzake aweruke. Ndinamukalipira, n'kumuperekeza mpaka pakhomo pa kalasi.

Atapachika pauta, pepala la zotsatira za mayeso, Rozita anali atagwa. Adelino nayenso sanakhoze bwino, koma anamuposa pang'ono. Ndikuulula pamaso pa Mulungu kuti chimene chinandipweteka tsiku limenelo si kugwa kwa mwana wanga, koma kapang'ono kameneko. Ngakhale pa mapemphero a amayi a Lachinayi, anzanga akamapempherera odwala, ine ndinkapempha chamumtima kuti, Ambuye, mukwezeni wanga apose wa alamu.

Pasanapite nthawi kunamveka kuti konselyu ikhala pansi pamodzi ndi bambo wina wa zamaphunziro wochokera kuboma ku Chifunde, kuti aone mmene makalasi akuchitira. Nkhani yaikulu inali ya kalasi ya Chinyanja. Ana otsalamo sankadzaza n'komwe mabenchi akutsogolo, ndiye ganizo linali loitseka, apulofesola a Marta n'kutumizidwa ku shikola ina. Nditamva, poyamba ndinati ndapambana.

Litatsala tsiku limodzi kuti msonkhano uchitike, ndinali kumunda ndi Rozita, chifukwa anali atakananso kupita. Tikuzula thengo m'mizere, anayankhula osandiyang'ana. "Amayi, ine ndingosiya shikola, ndizikuthandizani kulima. Mutu wanga ndi wouma." Sanalire. Anangonena monga mmene munthu amanenera kuti mvula yakata. Mwana amene ankawerenga nyimbo yonse osaphonya anali atakhulupirira kuti ndi mbuli, ndipo amene anamuphunzitsa zimenezo ndinali ine. Pomwepo ndinazindikiranso kuti mawa akatseka kalasi ija, sipakhalanso khomo lomubwezera. Ndinamutuma kukatunga madzi akumwa, ine n'kugwada pakati pa mizere dzuwa lili pamutu. Sindinapemphenso za Adelino. Ndinati, Ambuye, chotsani chinthu ichi mumtima mwanga, ndipo mubwezereni mwanayu mawu ake, ngakhale ine ndichite manyazi.

Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa mango wa pa shikola. Bambo wa ku Chifunde uja anabwera pa mota, njinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Adiretori anawerenga mmene makalasi akhozera, kenako anafunsa makolo ngati pali wotsutsa kuti kalasi ya Chinyanja itsekedwe. Ndinali nditalonjeza Mulungu kuti ndiimirira. Koma amayi onse amene ndinawakopa pabomba anali atandizungulira, ndipo sindinaimirire. Ndili chikhalire choncho, alamu anga anaimirira. Ndinati basi, yatha, awa angoikhomerera.

Iwo anamasula kafoni kaja pa kapulana n'kukakweza m'mwamba.

"Ine kuwerenga sindidziwa," anatero. Bambo wina kumbuyo anaseka. "Mukuseka chiyani, bambo a Juliyo? Inuyo pepala mumaligwira chadodolido, takuonani kutchalitchi." Anthu anaseka, iwo n'kupitiriza. Anati amuna awo ku Cassacatiza amawalembera mauthenga pafoni m'Chinyanja. Akamupatsa Adelino, amatchula zilembo chimodzichimodzi koma osazilumikiza. Ndiye kwa miyezi yambiri ankamuitanira Rozita kuseri kwa nkhokwe kuti awawerengere, n'kumupatsa mtedza kuti asauze munthu. Uthenga wonena kuti mbewu yatumizidwa, akaidikire kumsewu, anawawerengera ndi Rozita. Koma chisamukire kalasi, mwanayo wakhala akukana, ati sadziwanso kuwerenga.

Kenako anatembenuka n'kundiloza. "Ine mlamu wangayu ndimamuchitira nsanje. Wake amawerenga, wanga amangolira ngati wailesi. Ndinkafuna kumusamutsira Adelino kwa a Marta, koma ndinachita manyazi, poti amayi anga anali atamukweza kale galimoto ya ku Tete. Ndiye ndikuona mlamu akuchotsa wake kumene ine ndikulakalaka! Musatseke kalasi imeneyi. Wanga mulembeni lero."

Abale anga, ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Chaka chonse ndinkayang'ana khomo lawo ndi diso lofiira, osadziwa kuti nawonso akuyang'ana langa.

Bambo wa ku Chifunde anati sakufuna kumva za m'maluwa, akufuna amve yekha. Anaitanitsa ana a makalasi onse awiri kuti awerenge, ena m'buku la Chipwitikizi, ena la Chinyanja. Ena anakhoza, ena anakakamira, mbali zonse ziwiri. Kenako anafunsa kuti Rozitayo ndi uti. Alamu anamupatsa foni, ati muli uthenga wa dzana umene sunawerengedwe. Rozita anaigwira ndi manja awiri, koma sanayang'ane foniyo. Anayang'ana ine. Bwalo lonse linatsata maso ake, ndipo aliyense anaona kuti amene watseka pakamwa pa mwanayu ndi ndani.

Ndinati, "Werenga, mwana wanga. Ndinalakwa ndine."

Rozita anayamba motsitsa. "Amake Adelino, mbuzi yaikazi ija musagulitse. Ndikubwera Loweruka." Anapuma, kenako anamaliza mokweza ndi mawu ake akale aja, "Ndakusowani kwambiri." Bwalo lonse linaphulika. Amayi anaimba nthungululu, bambo a Juliyo akukuwa kuti, "Mbuziyo ndiye yasowedwa, osati inu!" Alamu anaphimba nkhope ndi kapulana, koyamba m'moyo wanga kuwaona akuchita manyazi. Rozita anaseka nawo. Ndinali nditatha miyezi osamva kuseka kwake.

Ndinaimirira n'kuuza anthu kuti zimene ndinkanena pabomba sindinazimve kwa mphunzitsi aliyense, zinachokera m'nsanje yanga. Ndinapepesa kwa apulofesola a Marta. Konselyu inagwirizana kuti kalasiyo isatsekedwe, aionenso kumapeto kwa chaka, ndipo amene akufuna kubweza ana awo abweze. Lolemba lotsatira Rozita ndi Adelino analowa khomo limodzi.

Sindikunamizani kuti zonse zinangosalala. Amayi ena sanabweze ana awo, ndipo sindikuwaweruza, chifukwa alipo ana amene akuchita bwino khomo linalo. Mmodzi mpaka lero amandipatsa moni wa m'mphuno, ati ndinamusokoneza mutu. Adelino anavutika kuti apeze anzake. Nsanje nayonso siichoka tsiku limodzi ngati dzino. Amuna a alamu akabwera ndi kapulana yatsopano, mtima umandilasabe pang'ono, koma tsopano ndimaidziwa mapazi ake, ndipo ikamayandikira ndimagwada msanga. Kalasi ija ilipobe. Rozita ali kalasi yachinayi, ndipo Chipwitikizi chabwera monga ananenera apulofesola a Marta. Tsiku lina anandiwerengera pepala la kuchipatala la mng'ono wake n'kundimasulira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa loyamba n'kuyankha lachiwiri. Ndikumuthokozanso chifukwa thandizo sanalitumize kuchokera kutali, analitulutsa pakamwa pa munthu amene ndinkamuda. Inu amayi anzanga, ngati mwana wanu wagwira njira, mupirireni, musamuyeze ndi wa khomo linalo. Ndipo ngati mtima ukukuwawani chifukwa cha mnzanu, musatope kupemphera, koma muyambe mwaonetsetsa chimene mukupemphacho.

Buku la nyimbo lija ndinalitsitsa patsindwi tsiku lomwelo la msonkhano. Chiswe chinali chitadya m'mphepete, ndipo nyimbo zina zinatha mizere yoyamba. Sindinagule lina. Rozita akamaliwerenga pakhonde n'kufika podyedwa, ine ndimamuimbira mawu osowawo, alamu ali pambali ndi kafoni kawo kudikira nthawi yawo, poyera, osatinso kuseri kwa nkhokwe. Ambuye akusungeni nonse pamodzi ndi ana anu.