Ndinkadikira Sitima ya ku Leeds

Abale ndi alongo mwa Ambuye, dzina langa ndine Tiyamike, mwana wa mayi Phiri anamwino aja a ku Wigston. Ambiri mumandidziwa ngati mtsikana wokhala kumbuyo, wosayankhula. Kunena za m'mutu pamaso pa anthu sindingathe, ndiye ndalemba.

Kwa zaka zingapo moyo wanga unali wodikira sitima.

Bambo anga anasamukira ku Leeds ndisanayambe sekondale. Amayi anandiuza kuti apeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo kumeneko n'kutali, sangamabwere pafupipafupi. Tsiku lonyamuka ndinagwira chikwama chawo osachisiya. Pa wailesi ya kanema ankakamba za njanji yatsopano ya sitima yothamanga kwambiri, yoti idzachokera ku London, kudutsa dera lathu lino, mpaka kukafika ku Leeds. Bambo analoza kanemayo.

"Waiona iyo, Tiya? Ikangotha, ndizidzabwera kudzadya nanu madzulo, m'mawa n'kubwerera kuntchito."

Iwo ankangofuna kuti ndisiye chikwamacho. Ine ndinawakhulupirira ndi mtima wonse.

Kuyambira pamenepo nkhani ya njanji inasanduka yanga. Anzanga akamaonera zoimba pa foni, ine ndinkasaka nkhani za sitima. Andale akamakangana kuti ndalama zake zachuluka, ndinkaopa kuti aimitsa ntchitoyo. Wina akanena kuti ntchito ipitirire, ndinkamukonda ngati m'bale wanga, ngakhale sindinkamudziwa. Kupemphera ndinkapemphera, koma pemphero linali limodzi lokha: Mulungu, asaimitse njanji.

Amayi ankagwira mashifiti aatali kuchipatala. Ndikaweruka kusukulu ndinkadzera pa mlatho wa pafupi ndi siteshoni ya South Wigston, kuima pamenepo n'kumayang'ana masitima akudutsa pansi. Kenako ndinkapita kunyumba, kudya ndekha, kulemba zanga m'kabuku, kugona. Mnzanga ndinalibe, ndipo sindinkamufuna. Ndinkati zonse zidzayamba bambo akadzabwera.

Poyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse. Kenako mwa apo ndi apo. Kenako pa Khirisimasi pokha. Sindinawakwiyire. Ndinkakwiyira anthu ochedwetsa njanji.

Chaka chatha aphunzitsi anatiuza kuti m'kalasi mukhala mtsutso: njanjiyi imangidwe kapena ayi? Kanali koyamba kuti ndikweze dzanja. Ndinapempha mbali yovomereza. Ndinakonzekera ngati mayeso. Tsikulo ndinaimirira n'kunena kuti sitimayi idzabweza makolo kwa ana awo, kuti pali anthu ku Leeds amene akulephera kufika kwawo.

Amene anandiyankha anali Ellie, mtsikana amene ankati njanjiyo idzadula pakati munda wa agogo ake. Sanayankhe mwachipongwe. Anangoti, "Komatu sitimayo siidzaima n'komwe kwathu kuno ku Leicester. Ndipo ku Leeds kukuvuta chiyani? Mchimwene wanga amaphunzira konko, koma Loweruka lililonse amabwera pa basi kudzachapitsa zovala."

Kalasi yonse inaseka za zovalazo. Ine ndinakhala pansi osamaliza pepala langa.

Za mabasi ndinkazidziwa. Ndinali mtsikana wamkulu kale. Koma ndinali ndisanalolepo kuziganizira mpaka mapeto. Njira yobwerera kunyumba inalipo masiku onsewo. Bambo ndiwo sankabwera.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi akusita yunifolomu.

"Amayi, bwanji bambo sakwera basi?"

Anapitiriza kusita. "Izo n'za akuluakulu. Wadya?"

Sindinafunsenso. Tinaleredwa choncho. M'mawa mwake ndinati mutu ukuwawa, sindinapite kusukulu. Mawa lakenso chimodzimodzi. Ndinkagona choyang'ana kukhoma, makatani otseka. Chakudya chinkabwerera mmene chabwerera. Kupemphera ndinasiya, chifukwa chimene ndinkapempha chija chinalibenso ntchito, ndipo china chomuuza Mulungu ndinalibe. Ndinkaganiza kuti ngati bambo anga enieni andiiwala, palibe chifukwa choti wina aliyense andikumbukire. Ndinkafuna kungozimiririka.

Lamulungu lina masana azimayi a mpingo uno anamva kuti ndikudwala, ndipo anabwera kudzandizonda monga timachitira. Anavula nsapato pakhomo, nakhala pansi m'chipinda changa, mipando ilipo. Sanandikakamize kuyankhula. Patapita nthawi ena anatsazika, natsala anti Nabanda, amene mumawadziwa, oyambitsa nyimbo aja. Anandigwira pamphumi, kenako anaitana amayi anga.

"Achemwali, mwanayu thupi lili bwino. Muuzeni."

"Ndi mwana uyu," anatero amayi.

"Ndi mwana, inde. Ndiye akunyamula yekha chimene ife tonse tikuchidziwa."

Amayi anakhala pabedi langa n'kuyamba kulira. Anandiuza kuti banja lawo ndi bambo linatha kalekale. Ku Leeds bambo ali ndi mkazi wina ndi mwana wamwamuna. Anandibisira chifukwa kwathu nkhani za banja sauza ana, komanso sankafuna kuti ndisiye kuwalemekeza bambo anga. Mpingo wonse unkadziwa, kupatula ine.

Anti Nabanda anati, "Tinkati tikukuteteza, mwanawe. Tinakulakwira."

Ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu akupepesa kwa mwana. Pamenepo m'pamene ndinalira.

Kenako anapemphera. Sanakweze mawu. Anamuuza Yesu dzina langa, namuuza zonse mmene zinalili, osakongoletsa. Anati, "Ambuye, mwana uyu watopa kudikira. Inu muli pompano." Ndinamva kuti n'zoona. Masiku onse amene ndinkaima ndekha pamlatho, ndinkayang'ana kutali, osadziwa kuti amene sanandisiyepo anali pafupi nane. Ndinapemphera ndekha mawu ochepa. Ndinamuuza kuti mtima wanga ndinaupachika pa njanji, ndiye autenge ukhale wake.

Sikunachitike chodabwitsa chooneka ndi maso. Ndinangomva njala. Amayi anandiwotchera buledi, ndipo tinadya atatu pabedi pomwepo.

Patapita masabata angapo ndinawaimbira foni bambo. Ndinawapatsa moni mwaulemu, kenako ndinati, "Bambo, ndadziwa zonse. Musadzandiuzenso za sitima." Anati, "Pepa, Tiya." Ndinawafunsa ngati adzabwere kudzandiona. Anati aona.

Mpaka lero sanabwere. Sindikunamizani, zimandiwawabe. Masiku ena m'nyumba mumakhala zii, ndipo ndimalira. Koma tsopano ndikalira ndimakhala ndi womuuza. Kusukulu ndinabwerera. Bambo ndimawapempherera, ndi mlongo wanga wamng'ono uja amene sindinamuonepo.

Pano akuti mwina mbali ya njanji yopita ku Leeds aichotsa. Ndinamva nkhaniyi tikudya ndi amayi, ndipo ndinamaliza chakudya changa. Ndinaganizira agogo ake a Ellie ndi munda wawo, ndinaganiziranso anthu amene ankayembekezera kupezapo ntchito. Amange, asamange, Ambuye awapatse nzeru olamulirawo.

Ndikuyamika Yesu amene anandipeza nditayang'ana kukhoma. Ndikumuyamika chifukwa sanandinamizepo. Ulemerero ukhale kwa Iye.

Makolo anga nonse muli muno, ndikupempha mwaulemu: ana anu auzeni zoona, ngakhale zowawa. Ambuye adzawagwira.

Ndipo iwe mnzanga amene ukudikira munthu amene sakubwera, Yesu akukufuna lero lomwe. Ngati ukuchita manyazi kubwera kutsogolo kuno, ndikumvetsa. Mapemphero akatha ndikhala kukhitchini ndikutsuka makapu. Ubwere udzapukute. Sindikufunsa kanthu. Ukafuna, tipemphera limodzi. Ameni.