Mailosi Asanu ndi Atatu a Bambo Anga

Olemekezeka a Gulupu Zikhalo ndi mafumu onse, olemekezeka Bambo Mfumu a parishi yathu, akuluakulu a zaumoyo ochokera ku boma, anamwino athu, ndi inu amayi ndi abambo amene munaumba njerwa za chipatala cha amayi oyembekezerachi, ndakulonjerani nonse.

Ine ndine Bernadetta, mwana wa malemu a Zefaniya a konkuno ku Chongoni. Ndakalambira pa ntchito yoyeza misewu, choncho mundilole ndinenepo za mailosi.

Ndikuphunzira ntchitoyi, aphunzitsi anatiuza kuti liwuli ife tinalitenga kwa Angerezi, koma iwonso anachita kubwereka ku Chilatini, chija makolo athu ankaimbira Misa. Kumeneko "mille" ndi chikwi. Asilikali a Chiroma ankawerenga akamayenda, ndipo phazi lomwelo likaponda pansi kachikwi, ankati mtunda wakwana.

Patchuthi ndinakawafotokozera bambo, matama ali thoo. Ndinawapeza akukumba kachewere. Anaimika khasu.

"Asilikaliwo ankanyamula chiyani?"

"Zida zawo, bambo."

"N'chifukwa chake ankatha kuwerenga."

Tsiku limenelo ndi pamene anandiuza zimene anazisunga zaka makumi awiri. Ine ndisanabadwe, mayi anga a Hellen, ali oyembekezera, matenda anawayamba m'mawa wina m'mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba phiri. Bambo ndi achimwene awo anawanyamula pa machira, ulendo wa mailosi asanu ndi atatu wopita kuchipatala. Mwana anabadwira m'njira, pansi pa mitengo ya paini, ndipo sanalire. Mayi anafika amoyo, mwana ali m'chitenje.

"Manesi anandifunsa kuti tayenda mtunda wautali bwanji," anatero bambo. "Ndinati sindikudziwa. Ine ndinkangomvetsera ngati amako akupuma."

Anatola khasu n'kupitiriza kukumba. Ine ndinagwada n'kumatola kachewere.

Ndaona ena mwa inu mukupukuta m'maso, pakuti njira imeneyo munaiyendapo ndi katundu wotere. Ndikuthokoza inu amene munaponda dothi, amene munatunga madzi, ndi mafumu amene munapereka malo osanyinyirika. Kwa inu anamwino pempho langa ndi limodzi: mayi akafika pakhomo pano, mulandireni ndi manja awiri, ndipo bambo amene waima panja mukamuuze mmene mkazi wake alili.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chipatala chino chatsegulidwa, ndipo amayi ayambe kubwera lero lomwe.

Zikomo kwambiri.