Dengu Loyera la a Rafaelo

Polisi ya Dedza, Lachitatu pa 18 Ogasiti 1976

Ine, Anselmo Kamtedza, wa zaka 52, wa m'mudzi wa Chinkhuti kufupi ndi Bembeke, m'boma la Dedza, mmisiri wa malata, ndikunena izi:

Ndakhala ndikukhoma ndowa, mbaula ndi makheni othirira kudimba kwa zaka makumi atatu. Magadalena amene mwamutsekera m'chitolokosi chiyambire Lamulungu ndi mlongo wanga wopondana naye. Akumunena kuti adathira mankhwala m'nyama ya nkhumba pa ukwati wa mwana wake Anjelina. Sadathire kanthu. Ndabwera kudzanena za dengu la makala, chifukwa mlandu wonsewu uli m'dengumo.

Amuna ake a Magadalena ndi a Rafaelo Kanyemba, akamwini m'mudzi mwathu. Adabwerako ku migodi ya ku Joni chaka chatha ali ndi wayilesi, chipewa cha nthenga ndi nzeru zosefukira. Pasadathe miyezi itatu adakhala tcheyamani wa chipani pa nthambi yathu. Chiyambire pamenepo, akangotsokomola anthu amati "zoona, bwana."

Lolemba pa 9 Ogasiti, cha m'ma naini koloko m'mawa, adandipeza pomwe ndimagwirira ntchito, pansi pa mtengo wa bulugamu m'mbali mwa msewu wa ku mishoni. Adati ku Joni adaona azungu akuwamba nyama mu mgolo wovundikira, makala ali pansi, nyama italendewera m'mwamba, ndipo imatuluka yofewa yoti ndi wopanda mano yemwe adya. Adati akufuna alendo a pa ukwati wa Loweruka aone kuti mudzi uno muli munthu woyenda. Mgolo adali nawo kale, wa magaloni 44, womwe udali wa mafuta ophikira. Ndidakauona tsiku lomwelo, ndidauwotcha m'kati ndi zitsononkho mpaka penti yonse idasupuka, ndipo ndidaboola mabowo atatu m'munsi olowera mpweya. Mgolowo ulibe mlandu. Chotsala chidali dengu lachitsulo loikamo makala.

Dengulo ndidalipanga masiku awiri. Ndidatenga zitsulo za bedi lakale, zakuda, zosapakidwa kanthu. Ndidapinda mikombero iwiri pa chitsulo changa cha njanji, uliwonse mainchesi khumi ndi awiri kukula kwake, ndi kuilumikiza ndi timitengo tachitsulo totalika mainchesi asanu ndi atatu. Pansi ndidayala zitsulo motalikirana chala chimodzi, kuti phulusa lizigwa koma khala lisagwe. Ndidaika miyendo itatu ya mabawuti, yotalika zala zinayi, kuti moto uzipuma chapansi, ndi chogwirira cha waya wochindikala. Silidali lokongola. Dengu la makala sakongoletsa, ntchito yake ndi kupsa.

Lachitatu pa 11, cha m'ma fili koloko masana, ndidalimanga pa njinga kupita nalo kwawo, mtunda wa theka la mailo. Ndidawapeza pakhonde ndi anzawo atatu a chipani, chipanda cha mowa chili pakati. Adalinyamula ndi zala ziwiri ngati anyamula khoswe wakufa, nati, "Alamu, chimenechi ndi chisa cha nkhuku kapena? Alendo anga aone chinthu chakuda chonchi? Ku Joni zinthu zimawala." Adati apanga lawo ndi waya woyera wa mpanda. Ndidawauza kuti waya woyera saika pamoto wa chakudya, utsi wake umapweteka mutu. Yankho lawo ndikulikumbukira bwino lomwe. Adati, "Inu mudapitako kuti? Munthu wongodziwa Bembeke ndi Chimbiya andiphunzitse ine za chitsulo? Ine ndakhala ndi chitsulo pansi pa nthaka zaka zisanu ndi chimodzi." Anzawo aja adaseka mpaka wina adatsamwa mowa. Kenaka adaitana Magadalena, namuuza kuti ayale udzu m'dengu langa akaliike m'khola la nkhuku. Adakaliikadi, ine ndikuona. Ndidakwera njinga yanga osatsanzika.

Lachisanu pa 13, cha m'ma thu koloko masana, ndidapitanso kukasiya ndowa zinayi zotungira madzi a pa ukwati. A Rafaelo adali kuseri kwa nkhokwe, atavula malaya, akumaliza dengu lawo. Lidali loyeradi, lowala ngati supuni yatsopano, koma lopendekera mbali imodzi ndiponso lopanda miyendo. Maso a waya adali aakulu oti mwanapiye angadutse osawerama. Munthu wa zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa nthaka adazindikira mochedwa kuti makala azingogwa. Ndiye adadula tako la chitini chachikulu, naliboolaboola ndi msomali, naliyala pansi pa dengulo ngati mbale.

Chitinicho ndidachidziwa ndisadafike pafupi. Chotsala chake chidali pambali, chili ndi malemba ofiira ndi chithunzi cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa. Ndi zitini za mankhwala osambitsira ng'ombe kudibi. Ife amisiri a malata tili ndi lamulo lathu lomwe ngakhale wongoyamba kumene amalidziwa: chitini cha chigaza sadula. Anthu amabwera nazo kuti ndiwakhomere ndowa, ndimawabweza nazo. Ungachitsuke ndi mchenga, ungachitsuke ndi phulusa, mankhwalawo sachoka m'mphepete mopindidwa. Pa mbale ya a Rafaelo padali poyanika zoyera zouma ngati mchere, zochindikala ngati chikhadabo.

Ndidafunsa kuti, "Alamu, mbaleyi mwaitenga kuti?" Adati, "Kuseri kwa dibi. Zikungotayidwa zinthu zabwinobwino, amisiri a kuno muli mtulo." Ine ndidati, "Chabwino." Lembani choncho, bwana, musawonjezere. Mawu amene ndidanena ndi amodzi okhawo. Mumtima ndimati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndimaganiza kuti nyamayo ituluka yowawa ndi yonunkha, alendo ailavula pamaso pa anthu, ndipo chipewa cha nthenga chija chitsika pang'ono. Ndimafuna achite manyazi. Ndidasiya ndowa zanga n'kubwerera kunyumba.

Loweruka pa 14 a Rafaelo adayatsa makala cha m'ma sikisi koloko m'mawa. Ndidalipo, tikumanga chisakasa cha alendo mayadi khumi kuchokera pa mgolowo. Adauza Magadalena kuti apake mchere miyendo itatu ya nkhumba, ndipo adapaka poyera, amayi ena asanu akuona, mchere wake wa m'thumba lomwelo lomwe adathira mu ndiwo zina zonse. A Rafaelo adakoleka nyamayo okha navundikira. Utsi udatuluka woyera, wonunkha ngati adyo. Mkazi wanga Rute adafunsa kuti fungo limeneli n'lachiyani, iwo adati, "Ndilo fungo la ku Joni limenelo, mayi, zolowerani."

Ukwati udadalitsidwa kutchalitchi teni koloko. Tidabwerako wani koloko. Nyama ya mbuzi ndi nkhumba yotsala zidaphikidwa m'miphika, zodyera anthu wamba. Ya mumgolo a Rafaelo adati ndi ya patebulo lapamwamba pokha, la akuchimuna ndi akuluakulu a chipani. Adaidula okha, atavala taye. Siidatuluke yowawa monga ndimayembekezera. Idali yofiirira bwino, ndipo anthu adaiyamikira.

Cha m'ma hafu pasiti wani ndidakumana ndi Magadalena kuseri kwa khitchini ali ndi mbale m'manja, amuna ake atamupatulirako nthuli ziwiri. Ndidati, "Ya mumgolo usaikhudze, idya ya mbuzi." Adafunsa chifukwa chake. Ndidati, "Ingomvera." Adabweza nthulizo mu beseni. Rute ndidamuuzanso chimodzimodzi. Wina aliyense sindidamuuze. Ndidakhala pa benchi langa ndi mbale ya mbuzi, ndikuyang'ana tebulo lapamwamba likudya.

Cha m'ma folo koloko anthu adayamba kusanza ndi kuthamangira kuthengo. Adali khumi ndi mmodzi, osawerengera a Rafaelo, onse a patebulo lija. Mwa anthu oposa zana amene adadya za m'miphika, palibe ndi mmodzi yemwe adadwala. A Rafaelo adadya nthuli imodzi yokha chifukwa pakamwa padatanganidwa ndi kulankhula, koma adabuula kuposa onse, atagona chagada pamphasa, taye ili pakhosi, akuitana amayi awo amene adamwalira kalekale. Lole ya mbatata idatenga odwalawo faifi koloko kupita nawo kuchipatala, koma a Rafaelo adatsala kunyumba. Khumi adatuluka Lolemba. A Elena, amayi a mkwati, akadali komweko ndipo sakutha kuimirira.

Mu Julaye a Elena ndi Magadalena adakangana pa nkhani ya komwe ana akakhale. Akuchimuna amafuna chitengwa, kuti Anjelina akakhale kwawo. Magadalena adati mwana wake sachoka pamudzi iye ali moyo. Adanena mokweza, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, ine ndili m'gulu lomwelo. Nkhaniyo tidaikamba n'kutha, koma Loweruka madzulo mudzi wonse udaikumbukira.

Lamulungu pa 15, cha m'ma seveni koloko m'mawa, ndikupita ku Misa yoyamba, ndidaona a Rafaelo, munthu uja amamwalira dzulo lake, akuyenda msangamsanga atasenza thumba la chiguduli. Adalowa nalo m'mabulugamu kuseri kwa nyumba yawo, mayadi ngati mazana awiri, naliponya m'chigwembe. Waya woyera adali atatulukira pakamwa pa thumbalo. Iwo sadandione.

Apolisi awiri adafika teni koloko. A Rafaelo adawalandira atavala baji ya chipani, akuyenda chowerama atagwira pamimba. Adanena zinthu zitatu: kuti mchere adapaka ndi mkazi wawo, kuti mkazi wawo amadana ndi a Elena, ndi kuti mkazi wawo sadadye nyamayo ngakhale adampatsa ndi manja awo. Mkazi amene wawaphikira zaka makumi awiri ndi zitatu, amene adawalimira munda yekha zaka zonse ali ku Joni, adamupereka ngati akupereka khadi la chipani pamsika. Anzawo a chipani adavomereza ndi mitu. Mwa anthu enawo, ndani angatsutse tcheyamani?

Apolisi atavundukula mgolo adapezamo dengu lakuda la miyendo itatu, ndi lomwe mwasunga pano ngati umboni. Limenelo ndi langa lija. Kalitengeni mulione bwino, bwana. Silidaonepo moto. Mabawuti ake akadali ndi mafuta omwe ndidapaka, ndipo pa zitsulo zapansi pali zitosi za nkhuku ndi nthenga. Ngakhale kulipukuta kokha nzeru za ku Joni sizidafikepo. Thadzi lomwe adalilanda chisa likuikira mazira pansi m'kholamo mpaka lero.

Wapolisi wamkulu adafunsa Magadalena kuti bwanji sadadye. Ine ndidaima mayadi asanu kuchokera pomwe adali. Adandiyang'ana kamodzi, kenaka adayang'ana pansi, nati, "Ndidalibe njala." Adamufunsanso kachiwiri, adayankha chimodzimodzi. Adamukweza galimoto atavala chitenje cha ukwati chomwecho. Ine ndidangobwerera kunyumba.

Lolemba ndidakhoma ndowa. Lachiwiri ndidakhomanso ndowa. Dzulo lomwelo cha m'ma folo koloko Anjelina adadutsa pantchito panga akuchokera kuno, atanyamula chakudya chomwe adatengera mayi ake chili chosakhudza. Adandiuza kuti akuchimuna atumiza mawu oti ukwati watha ngati a Elena satuluka. Kenaka adaima pafupi ndi njanji yanga nati, "Malume, inunso ndi azakhali simudadye ya mumgolo ija. Bwanji?" Ndidapitiriza kumenya nyundo mpaka adachoka. Lero ndanyamuka sikisi koloko pa njinga, mailosi khumi, palibe wondiitana.

Thumba lija likadali m'chigwembe, ndadzera komweko m'mawa uno. Muli dengu loyera, mbale yake yopsa, ndi chotsala cha chitini chokhala ndi chigaza. Ndikhoza kukuperekezani. Mukafunse amene amayang'anira dibi ngati zitini zake zotha zili zokwanira, ndipo mukapereke mbaleyo kwa adokotala.

A Rafaelo ndi chitsiru, ndipo ndikunena zimenezi ndikudziwa kuti ndi tcheyamani. Ndi wabodza ndiponso wamantha, munthu wobisala kumbuyo kwa chitenje cha mkazi wake. Koma Lachisanu lija sankadziwa chomwe chidali m'manja mwawo. Wodziwa ndidali ine. Magadalena sadadye chifukwa ndidamuletsa ndine, ndipo wagona pa simenti masiku atatu osanditchula dzina. Ndili ndi manyazi. Mutulutseni apite akaone mwana wake. Bulangete ndabwera nalo, lili pa njinga panjapo, ndipo Rute ndamuuza kuti asandidikire.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera, ndamva, ndipo palibe choti achotsepo.

Wopereka umboni: Anselmo Kamtedza ……………………

Wolemba umboni: ……………………