A Fabiano Malizani ndi Kansagwada ka ku Joni

Malemu anabadwa pa mudzi wina kuseri kwa phiri la Mulanje, m'dziko la Apwitikizi, cha m'ma 1895. Tsiku lenileni palibe amene analisunga. Dzina lawo ndi bambo Fabiano Malizani, ndipo kwa ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndi atsibweni anga.

Mu 1903 anawoloka Ruo pamodzi ndi amayi awo, nadzakhala pa esiteti kuno kwa Changata. Sukulu anaphunzira pang'ono ku mishoni ya ku Makwasa mpaka kudziwa kuwerenga Baibulo, koma benchi linkawatentha. Nonse mukudziwa kuti sanali munthu wokhazikika. Ngakhale pothyola tiyi ankamaliza mzere wawo n'kulowa wa mnzawo osapemphedwa.

Mu 1917 anakwatira mayi Teleza ochokera kwa Nsabwe. Mu 1922, atatopa ndi thangata, anauyamba wapansi ulendo wa ku Joni, kusiya mwana wawo woyamba, Jean, akali wamng'ono. Ntchito anakaipeza pa mgodi wa miyala ya laimu. Ali komweko munthu wa kwathu kuno anawapatsira uthenga woti Jean anamwalira ndi chikuku, ndipo anaikidwa kalekale. Zinawapweteka moyo wawo wonse kuti sanaponye dothi pa manda a mwana wawo.

Mu 1924, tsiku lina ataphulitsa thanthwe, m'miyala munatuluka kachigaza kokwana m'manja, kolimba ngati mwala womwewo. Mzungu woyang'anira anakaika m'bokosi n'kukatumiza kwa anthu ophunzira a m'tauni. Posesa pamalopo malemu anatola kansagwada kotsalira, kali ndi timano ngati ta mwana wongosiya kumene bere, ndipo anakakulunga m'mpango. Pambuyo pake kalaliki wa pamgodi anawauza kuti ophunzira aja akukangana m'manyuzipepala. Ena akuti ndi mwana wa nyani basi, ena akuti ndi cholengedwa cha kalekale cha pakati pa nyani ndi munthu, chimene akhala akuchifunafuna. Malemu ankati azunguwo anafunsa mafunso onse kupatula limodzi, lakuti kamwanako kanaikidwa ndi ndani.

Mu 1927 anabwerera kumudzi. Anzawo ankabwera ndi njinga ndi majekete, iwo anabwera ndi chifuwa ndi fupa. Anapempha kuti kansagwadako kaikidwe ku manda a ana, pafupi ndi Jean. Adzukulu anakanitsitsa kuti makasu awo sakumbira nyani. Anapita kwa akuluampingo, ndipo iwo anati ngati ndi nyani akakataye kutchire, koma ngati ndi munthu ndiye kuti Mkhristu akusunga chizimba m'nyumba. Anawauza kuti asankhe chimodzi. Malemu anayankha kuti sangalumbirire chinthu chimene chawakanika ngakhale ophunzira, komanso sangataye kutchire chimene mwina ndi mwana wa munthu. Anawaimitsa pa mgonero, ndipo mpaka amwalira sanabwezeredwe.

Anayambanso ntchito pa esiteti, nakhala kapitawo wa ku nazale ya tiyi, koma mtima sunakhale pansi. Panalibe amene sanamufunse. Aphunzitsi, anamwino, ngakhale a Stambuli ogulitsa nsalu pa Makwasa, onse anaonetsedwa timano tija, ndipo wina akawaona patali ankakhotera njira ina. Kafupako sikanakhale malo amodzi. Lero kali kudenga, mawa kunkhokwe, mkuja m'thumba la jekete. Mayi Teleza anakaletsa kulowa kuchipinda, ndipo sitingawadzudzule, pakuti ndiwo ankanenedwa kuchitsime, ana awo n'kumatchedwa abale a nyani.

Mu Juni chaka chino cha 1938 chifuwa cha fumbi la kumgodi chija chinakula. Anagonekedwa ku chipatala cha ku Makwasa, kumene anawasamalira bwino, koma pa 14 Okutobala anatisiya. Ali pafupi kutsirizika sanapemphe mgonero kapena mankhwala. Anangopempha mayi Teleza kuti mwana uja asamusiye kudenga yekha.

Tsono abale ndi alongo, pasakhale manong'onong'o pobwerera. Mayi Teleza ndi manja awo atsitsa kansagwadako, akakulunga m'nsalu imene ankaberekera Jean, imene anaisunga zaka zonsezi, ndipo kali m'bokosimu pachifuwa pa malemu. Adzukulu musadandaule, mwakumbira munthu, ndipo katundu wake wanyamula yekha. Akuluampingo, tikukulemekezani, koma funso lakuti ndi nyani, ndi munthu, kapena cha pakatikati, malemu apita nalo kwa Mwini wake amene analenga zonsezo.

Malemu asiya akazi awo mayi Teleza, ana atatu, a Winston, a Betty ndi a Dickson, ndi mlongo wawo amene ndi amayi anga. Koma mwana wa kumgodi uja sanamusiye, apita naye.

Tikuthokoza anamwino a ku Makwasa, anzawo a ku nazale amene akhoma bokosi, amayi amene agona pano, adzukulu, ndi inu a mpingo amene mwabwera kudzaimba ngakhale zinali choncho. Atsibweni, munayendayenda mokwanira. Gonani tsopano, inu ndi mwanayo, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.