Mbira Yotsala Yokha

Pokwerera minibasi zotchedwa chapa ku Moatize, mayi wina anakhala pansi atafungatira dengu. Bambo amene anaima pambali pake anasuzumiramo.

"Mayi, mbirayi mukugulitsa?"

"Ayi bambo, si yandiwo. Zinalipo zambiri, za malemu amuna anga, a Hermínio. Ankaziweta ngati ana."

"Pepani. Nanga zinzake zili kuti?"

"Pamaliro ndiwo zitachepa, achibale anazipha osandifunsa. Iyi inapulumuka chifukwa inabisala kuseri kwa mtsuko."

"Koma yaondatu. Mumaipatsa chiyani?"

"Kholowa, masamba a kabichi, ndi msipu. Msipuwo ndimayamba ndautsuka chifukwa cha fumbi la malasha, monga ankachitira eni ake. Imangonunkhiza, n'kusiya. Kale zikamva mapazi awo zinkalira zonse pamodzi. Iyi yangoti zii."

"Mbira sidya ili yokha, mayi. Imafuna inzake pambali."

"N'chifukwa chake ndikukaisiya ku Zóbuè, kwa mng'ono wanga. Ali nazo zambiri, msipunso kumeneko ndi wobiriwira."

"Mwaganiza bwino. Nanga inu mukabwerako, muzikadya ndi ndani?"

Mayiyo anakokera nsalu pamwamba pa dengu.

"Inenso ndimangonunkhiza, bambo."