Zimene mdzukulu wanga anaikiza kwa ine

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, ndi inu ana mukunong'onezana kumbuyoko, ndakuonani: mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndaima pano kuti ndichitire umboni.

Mumandidziwa. Ine sindikhulupirira munthu. Onani, thumba langa ndabwera nalo kutsogolo kuno, sindinalisiye pa benchi. Sekani, koma ndinalera ana amasiye kuno ku Chiuta, ndipo maso anga anaphunzira kusagona.

Mmodzi wa anawo ndi Tiyanjane, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Lero ndi mphunzitsi ku yunivesite, amaphunzitsa anthu a ndevu zawo. Chaka cha njala chija, chaka tinkaphika mango osakhwima n'kumakumba nyika, timizu ta kakombo tija, kudambo, anabwera kudzafufuza momwe anthu akupulumukira. Ankakhala nawo pamphasa, kuwajambula mawu, iwo n'kumamuuza zakukhosi: amene anagulitsa ukonde, amene anadya mbewu, amene anakwatitsa mwana wamng'ono chifukwa cha njala. Anawalonjeza kuti mayina awo sadzamveka kwina.

Tsiku lonyamuka anandipatsa kabokosi kakuda, kakang'ono ngati sopo wosambira.

“Agogo, ndikuikiza kwa inu. Zonse zili mu kompyuta yanga zilinso umu. Kasanyowe, kasayandikire moto.”

Ndinati, “Iwe, wapalamula chiyani kuti uzibisa zinthu kumudzi?”

Anaseka. “Inu mbuzi zija munakaikiza ku Mposa munapalamula chiyani?”

Paja mbuzi sitiika zonse khola limodzi; matenda akagwa kuno, za kwa achimwene zimatsala. Mwanayo anali ataona zimenezo ali wamng'ono, n'kuzitengera kusukulu yaikulu.

Anandiuzanso kuti, “Mukadzamva kuti ine ndikupempha chitupa cha munthu pa foni, mudzadziwe kuti si ine. Zimenezo sindichita.”

Kabokosiko ndinakakulunga bwinobwino. Kumene ndinakaika musandifunse, sindinena ngakhale m'nyumba ya Mulungu.

Njala itafika poipa, anabwera mayi a Patuma, anansi anga achisilamu. Amuna awo anali atangomwalira, bambo amene Tiyanjane anawajambula mawu nthawi yaitali kuposa onse. Anandionetsa foni.

“Taonani, mdzukulu wanu akulemba anthu oti alandire chimanga. Akuti titumize chithunzi cha chitupa cha unzika ndi nambala yachinsinsi ya pa foni.”

Nkhope inali yake. Nambala inali yake. Koma ndinati, “Iyayi, si iye ameneyu.”

“Si iye bwanji? Nkhope iyi ndi ya ndani? Ingonenani kuti chimangacho mukufuna chidyedwe ndi a kubanja kwanu okha.”

Abale, mawu amenewo anandilasa. Anandilasa, ndikukuuzani. Ndinayenda khomo ndi khomo, m'mimba mulibe kanthu, kuletsa anthu. Ena anamva, ena ananditsekera chitseko. Kudambo amayi ankasuntha ndikafika, ndinkakumba nyika ndekha ngati mfiti. Amene anatumiza zitupa chimanga sanachione, m'malo mwake kangachepe kamene abale anawatumizira pa foni kanapukutidwa. Apo dzina la Tiyanjane linanunkha mudzi wonse. Ankati ndi wakuba, ankati zinsinsi zathu akazigulitsanso.

Ndinagwada. Ndinati, “Ambuye, pa dziko lonse ndinakhulupirira mwana mmodzi yekha. Musalole dzina lake lifere m'kamwa mwa anthu.”

Sipanapite masiku, Tiyanjane anatulukira pa kabaza, fumbi lokhalokha. Akuba anali atamubera chikwama mu minibasi pa Liwonde: foni, kompyuta, zitupa, zonse. Anapita kupolisi, anakatseketsa nambala, anasintha mapasiwedi ake onse, koma akubawo anali atayamba kale kulankhula m'dzina lake.

Apa ndi pamene ndinaona kuti ndinalera munthu. Sanabisale m'nyumba. Anaitana anthu pabwalo panga, n'kuima pamaso pa amene ankamutukwana.

“Foni sindinaitseke molimba, pamenepo pepani. Amene munatumiza zitupa ndikuperekezani mawa, tikatseke njira zawo. Koma kompyuta ija ndi yokhoma. Kwa akubawo ndi mwala, mawu anu sangawamve.”

Kenako mayi a Patuma anafunsa motsitsa mawu, “Ndiye mawu a bambo a Patuma apita ndi akuba?”

Tiyanjane anandiyang'ana. “Agogo, mbuzi yanga ija.”

Ndinauza onse kuti ayang'ane kumsewu kaye. Inde, onse, ndi mdzukuluyo yemwe. Ndinakatenga kabokosi kaja, iye n'kukalumikiza ku kompyuta yobwereka kuntchito. Anthu anaunjikana kuti amve, koma anawakaniza. Anati mawu a munthu ndi a mwini wake. Analowetsa mayi a Patuma okha m'nyumba.

Ine ndinakhala pakhomo ngati mlonda, ndipo sindinama, khutu limodzi ndinalisiya m'kati. Ndinamva kachifuwa kaja ka bambo a Patuma, ndinamva kuseka kwawo. Munthu tinamuika m'manda, akuseka m'nyumba mwanga.

Mayiwo anatuluka. Anandigwira manja onse awiri, n'kupita. M'mawa mwake ndinamva “odi” pakhomo. Anali iwo, khasu paphewa, akuti, “Anzanga, tiyeni kudambo, dzuwa lingatipsereze.”

Ndikuthokoza Mulungu amene anatsuka dzina la mwana wanga. Ndikumuthokoza pompatsa nzeru yosaika zonse khola limodzi, ndi mtima wosunga lonjezo ngakhale kwa anthu omutukwana. Njala inatha, ife tilipo, mawu a anthu alipo.

Amayi, mukudikira chiyani? Imbani nthungululu, mukondwere nane. Kabokosiko kadakali kwa ine, ndipo abusa, ngakhale inu musandifunse. Amen.